Tsiku limene flash ya aphunzitsi inagwetsa seva yanga

Foni inalira 6 koloko m'mawa, Lachisanu lotsekera teremu. Anali alamu anga, amuna awo a achemwali, omwe ndi mphunzitsi wamkulu pa kasukulu kena ka pulayiveti.

"Alamu, chikompyuta chanu chija chakana. Pagalasi pangoti bii, timalemba toyera tokhatokha. Makolotu akubwera 9 koloko kudzatenga malipoti."

Tulo tonse tinabalalika. Seva imeneyo ndinakonza ndine, ndipo magiredi a ana onse komanso ndandanda ya amene alipira fizi zinali m'menemo.

Nkhani yake inayamba nditangomaliza ku koleji, digiri ili m'manja koma ntchito osaoneka. Alamu anandipempha kuti ndiwathandize kusunga mafayilo pamalo amodzi, chifukwa mphunzitsi aliyense ankayenda ndi magiredi pa flash yake. Ndalama ya laisensi panalibe. Ndinatenga kompyuta yakale ya mu ofesi n'kuikamo Ubuntu Server 22.04, ija ya LTS imene eni ake amaisamalira zaka zisanu. Ndinawauza monyadira kuti izi n'zaulere ndipo sizigwa chisawawa. Ndinawonjezeranso kuti anaziyambitsa ndi munthu wa ku South Africa, Mark Shuttleworth, mu 2004, ndipo dzinalo ndi umunthu wathu womwewu. Alamu anangogwedeza mutu.

Chenjezo loyamba linabwera patapita miyezi ingapo, pamene seva inayamba kudandaula kuti malo atha. Disiki ya 1TB ithe bwanji? Nditafufuza ndinapeza kuti poika Ubuntu ndinangodina "Done" osawerenga. Ukasankha LVM pa disiki yaikulu choncho, imangokugawira 100GB, kwinako n'kukusiya kuti udzagawe wekha. Zinalembedwa pagalasi pomwepo, ine maso ali ku WhatsApp. Ndinakonza ndi lvextend ndi resize2fs, mphindi zisanu basi, n'kudziona ngati katakwe.

Kenako ndinagula disiki yachiwiri yosungira mafayilo a sukulu. Kuti izitseguka yokha seva ikamayaka, umailemba mu fayilo yotchedwa /etc/fstab. Ine ndinalemba dzina limene ndinaona tsiku limenelo, /dev/sdb1, n'kunyamuka.

Lachisanu lija ndinakwera kabaza mtima uli m'mwamba. Ndinapeza alamu atavala suti yawo ya pa misonkhano, ataima pakhomo pa ofesi. Pagalasi panali mawu akuti emergency mode. Magetsi anali atathima usiku, ndipo atabwera seva inalephera kudzuka. Maganizo anathamangira koipa: disiki yapsa. Kope ina ya mafayilowo? Ndinalibe. Ndinkangoti ndidzapanga mawa.

Ndinalemba lsblk manja akunjenjemera. Madisiki anaoneka atatu, pomwe ine ndinaikamo awiri. Nditasuzumira kuseri kwa bokosi, ndinaona ka flash kofiira kali phee. Aphunzitsi ena anakabaya dzulo lake poganiza kuti akopera mayeso, n'kukaiwala pomwepo.

Apa m'pamene ndinamvetsa chimene aphunzitsi athu ku koleji ananenapo ine ndikuwodzera. Mayina aja a sda, sdb, sdc si okhazikika. Linux imawapereka motsatira amene yayamba kumuona poyaka, ngati manambala a pamzere wa kuchigayo. Usiku umenewo flash inalowerera, n'kutenga dzina la sdb, disiki yanga n'kukhala sdc. Seva inafuna mafayilo a sukulu pa flash, sinawapeze, ndiye inangoima kudikira mwini wake.

Dzina lenileni la disiki, losasintha, ndi UUID. Ndinalemba blkid, n'kukopera chinambala chachitalicho mu fstab, n'kuwonjezera mawu akuti nofail kuti ngakhale disikiyo itasowa, seva izidzukabe. Itayakanso, mafayilo onse analipo. Nthawi inali 8:20.

"Ndiye chinavuta n'chiyani, alamu? Zaulerezi eti?"

Mpata wothawira unali umenewo. Ndikanangoti eya, kapena kuloza aphunzitsi a flash aja, omwe anali ataima pakona ngati mwana wogwidwa akuba shuga. Koma ndinati, "Ayi alamu, ndinalakwitsa ndine polemba." Anandiyang'ana kanthawi, kenako anati, "Chabwino. Yatsani printer."

Anzanga ambiri a IT amakangana kuti chokhazikika n'chiti, Debian kapena Ubuntu, kapena Rocky Linux kwa aja anasiyidwa padzuwa CentOS 8 itatha kumapeto kwa 2021. Mkanganowo ndimaukonda. Koma pa mavuto awiri amene seva ija yandionetsa, palibe limene likanatha posintha dzina la pachikuto. Onse anachokera pa ine kudina ndisanawerenge. Paja safunsa anadya phula.

Madzulo ake ndinapempha alamu ndalama ya disiki yakunja ndi ka UPS. Ya disiki anapereka pompo. Ya UPS akuti tidikire fizi ya teremu ya mawa.