Msasa wa ku Hwange

Msasa ndi pogona pa kanthawi: timitengo, udzu pang'ono, moto pakhomo. Achishona nawo amati musasa. Koma msasa umene ankafuna adzukulu a mtchona wina wa ku Lower Gweru unali wamtundu wina. Anabwera ndi kalavani kuchokera ku Johannesburg kuti akaonetse agogo awo njovu ku Hwange National Park, ndipo pafoni ankasakasaka malo okhala ndi zitatu: waya wa magetsi, paipi ya madzi ndi yotayira zonyansa, zonse zolumikiza ku kalavaniyo. Ku America malo otere ngochuluka. Ku Main Camp bafa ndi chimbudzi n'za onse.

Agogowo, amene anakalambira m'migodi ya ku Shurugwi, sanaone chovuta. M'komboni namo mpope unali umodzi wa mabanja ambiri. "Ana inu, chigubu chilipo," anatero. Mtima wawo unali kwina. Pa 6 Juni 1972, mgodi wa malasha wa Wankie unaphulika n'kupha anthu 427, Amalawi ali momwemo, ndipo mitembo yambiri inatsekeredwa pansi pomwepo, ku Kamandama. Mmodzi anali wakumudzi kwawo.

Adzukuluwo anasiya kusaka. Anatunga madzi, nagona ndi tochi, ndipo m'mawa anayamba aima ku Kamandama asanakaone njovu. Machona ambiri anabwera ku Zimbabwe kudzamanga msasa chabe. Kwa ena unasanduka mudzi, kwa ena manda.