Pepala Linadziwa, Mdala Sanauzidwe

Pa Park Station mu Johannesburg, basi ya ku Blantyre inali isanafike. Namwino wina wa ku Malawi anakhala pa chikwama chake, pakati pa mitolo ya zofunda ndi zigubu za mafuta ophikira, akulingalira za mdala amene anagwa m'wodi yake mwezi wathawo.

Mdalayo anadzuka usiku kuti akataye madzi, ndipo sanafune kuvutitsa munthu. Atangoponda pansi anachita chizungulire chifukwa cha mankhwala a kuthamanga kwa magazi, nathyoka fupa la m'chiuno. Fomu yake inali yodzazidwa bwino lomwe. Mafunso onse 6 a sikelo imene Janice Morse anafalitsa mu 1989 anali atayankhidwa, ndipo namwinoyo ndiye anasaina kuti wodwalayu angathe kugwa. Koma palibe amene anakhala pansi ndi mdalayo kumufotokozera zimenezi.

Chisoni chinamutuma namwinoyo kukafufuza zimene akatswiri anapeza. Mu 2012, Ronald Shorr ndi anzake ku America anaona kuti mabelu olira wodwala akatsika pabedi sanachepetse kugwa. Mu 2016, kafukufuku wa 6-PACK m'mawodi 24 a zipatala 6 ku Australia anayesa zikwangwani, mabedi afupi ndi mabelu omwewo, koma odwala anagwabe monga kale. Zosiyana zinatuluka mu The Lancet mu 2015, pamene Anne-Marie Hill ndi anzake anaphunzitsa wodwala aliyense payekha za chimene chingamugwetse, nawauzanso anamwino zimene odwalawo ananena. Kumeneko kugwa kunachepa.

Tsopano mayi ake omubala anali atagonekedwa m'chipatala kumudzi, ndipo mng'ono wake ndiye ankawadikirira, kugona pa chitenje pansi pa bedi. Kale namwinoyo ankaona odikirira odwala ngati khamu lotsekereza njira. Lero anazindikira kuti m'wodi imene namwino mmodzi amayang'anira odwala ambirimbiri usiku, wodikirira ndiye ali pafupi, ngakhale kuti kawirikawiri sauzidwa choti ayang'ane.

Anaimba foni.

"Iwe, amayi akafuna kudzuka, ayambe akhala kaye pabedi, miyendo ili pansi, mpaka chizungulire chithe. Pansi pasakhale madzi. Tochi ikhale kumutu."

"Achemwali, mukuwadziwa amayi. Safuna kugwiridwa mkono ngati mwana."

"N'chifukwa chake usawalamule. Uwafotokozere zimene mankhwalawo amachita, kenaka uwafunse kuti iwo akuona kuti tichite bwanji. Akanena okha, adzasunga."

Kondakitala anayamba kuitana a ku Blantyre. Kutsogolo kunali Beitbridge, Nyamapanda, mlatho wa Tete ndi Mwanza. Namwinoyo anawerenga maola a usiku amene mayi ake adzadzuke iye akadali m'njira, ndipo asanakwere anaimbanso, napempha kuti foniyo apatsidwe mayi eniakewo.