Udzu umene unandisungira ntchito ku Cape Town

Akuluakulu a mzinda wa Cape Town analamula kuti kuyambira pa 1 February 2018 munthu aliyense azigwiritsa ntchito malita 50 okha a madzi patsiku. Damu la Theewaterskloof linali litaphwa kwambiri, ndipo kuthirira maluwa ndi madzi apampopi kunali koletsedwa. Ine ndinkasamalira pabwalo pa nyumba ina kufupi ndi nyanja. Kapinga amene ndinkatchetcha anauma gwa. Adona anandiuza mosabisa kuti popanda chotchetcha ntchito yanga yatha. Kumudzi ana awiri ankadikira fizi. Tulo sindinkationa.

Mnzanga wina wogwira ntchito kunazale ndiye anandionetsa dakriet, imene m'mabuku amailemba Elegia tectorum. Ukaiona ungati ndi udzu wofolera nyumba: timapesi tobiriwira, towongoka, tamfundo zakuda, kunsonga ngala zofiirira. Akatswiri amaiika m'banja la restio, koma ine ndimangoti udzu. Kwawo ndi konkuno, m'madambo amchenga a m'mbali mwa nyanja. Ndinachonderera adona kuti andilole ndiyese.

Ndinadzala mbande 30 mu May, poti kuno mvula imagwa nthawi yozizira. Apa ndi pamene ndinalakwitsa. Pofuna kuti zikule msanga ndinathira feteleza, ndipo masiku opanda mvula ndinkathirira madzi ochapira zovala. Mbande 11 zinapserera. Ndinagwada pamchengapo n'kulira, ndikupempha Mulungu kuti asandichititse manyazi. Mnzanga uja atabwera anafukula phata limodzi n'kundionetsa mizu yakuda, yowola. Anati zomera zakuno zinazolowera nthaka yosauka, choncho fosifeti wa mu feteleza ndi mu sopo amaziwotcha, komanso mizu yake sifuna khasu. Ndinasiya zonsezo. Ndinayala makungwa a paini kuzungulira mapata, n'kumathirira madzi amvula a m'thanki mpaka zitagwira.

Lero udzuwo umandifika m'chifuwa. Mphepo yakum'mwera chakum'mawa ikamawomba, ngati mwera wa kunyanja kwathu, umangoweyula osathyoka. Sindiudula pakati. Ndimangochotsa mapesi ouma m'munsi kamodzi pachaka. Anthu oyandikana nafe ataona, nyumba zina ziwiri zinandipatsa ganyu, ndipo ana anga sanasiye sukulu.

Abale anga ogwira ntchito m'mabwalo kuno, madzi asopo musamathirire dakriet.