Chitimbe ndi mupangara: nkhokwe ya ng'ombe imene ikuthera m'moto

Mwezi wa Ogasiti ukafika m'mafamu a ku Mazowe, Bindura ndi Chinhoyi, udzu umauma gwa ndipo ng'ombe zimayamba kuoneka nthiti. Kale eni mafamu akuluakulu ankathana ndi vutoli pogula chakudya cha ziweto cha m'matumba. Koma abusa awo, amene ambiri anali ana ndi zidzukulu za anthu ochokera ku Nyasaland ndi Mozambique, ankadziwa nkhokwe ina yosalira ndalama. Ankakusira ziweto patsinde pa chitimbe, mtengo umene Ashona amati musekesa, kuti zikatole zikhokhombe zake zouma.

Nzeru imeneyi sinkawerengedwa kanthu, poti mwini wake anali wantchito wa pakomboni. Ngakhale pa chilala cha 1992, chimene chidapha ng'ombe zoposa miliyoni imodzi m'Zimbabwe, maso a akatswiri ambiri anali pa mitengo yachilendo. Ku Domboshawa, bungwe la ICRAF linkayesa lukina ndi kaliyandra, yonse yochokera ku America. Ndi mitengo yabwino ndithu, koma imafuna nazale, mpanda ndi manja oisamalira, pamene chitimbe chimangomera chokha m'tsala.

Ya m'tchire mwathu ili ndi vuto lake. Masamba ndi zipatso zake zimakhala ndi tanini, chinthu chowawa chimene chimamanga zakudya zomanga thupi kuti chiweto chisapindule nazo mokwanira. Komabe ofufuza a ku Matopos adapeza kuti mbuzi zoyamwitsa zimapindula ndi zikhokhombe za mupangara, chitsamba chaminga chimene alimi ankachiona ngati mdani wa msipu, ndipo adayesanso kuchepetsa kuwawako poziviika m'madzi a phulusa. Nsangu, umene umaphuka masamba m'chilimwe mitengo ina itayoyola, ndi wa kuchigwa cha Zambezi. Kumtunda kuno suoneka kawirikawiri.

Kulandidwa kwa mafamu kuyambira mu 2000 kudabalalitsa abusa aja, ena osapeza ndi kachigunda komwe kolima. Alimi atsopano ambiri adalowa mu ulimi wa fodya wochiza ndi moto, ndipo nkhwangwa siisankha: msasa, mnondo ndi chitimbe zonse zimalowa m'balani. Boma litalengeza mu Epulo 2024 kuti chilala ndi tsoka la dziko, alipo alimi amene ankasaka ndalama zogulira chakudya cha ng'ombe, ziweto zawo zitaima pakati pa zitsa.