Kachigayo ka khofi pa malipiro a mphunzitsi

Khofi ndi wathu koma sitimudziwa. Mbande zake zinafika ku Blantyre Mission mu 1878 kuchokera ku Edinburgh, ndipo tiyi ndi fodya zisanatenge malo, khofi ndiye ankabweretsa ndalama kuno kummwera. Lero amalimidwa ku Misuku, ku Phoka, ku Ntchisi ndi ku Thyolo. Koma lowani mu staff room iliyonse nthawi ya buleki, mupeza kachitini ka khofi wongosungunula wochokera kunja. Ine ndinayamba kugula wa njere, wa Mzuzu Coffee kapena wa ku Satemwa, ndipo funso linabwera pompo: ndimupera ndi chiyani?

Wopera kale alipo m'masitolo, inde. Vuto lake n'lakuti khofi akangoperedwa fungo limayamba kuthawa, ndipo paketi isanafike pakati mumakhala mukumwa madzi akuda chabe. Njere zimasunga fungo kwa masabata angapo. N'chifukwa chake ndakhala miyezi itatu ndikuzungulira masitolo a ku Limbe, ku Chichiri ndi m'tauni, kufunsa za kachigayo ka magetsi.

Timakina timeneti tilipo ta mitundu iwiri, ndipo ogulitsa ambiri amangoti tonse ndi "grinder". Kotchipa kaja kali ndi kampeni kozungulira pansi ngati blender. Kamangotema njere mwachisawawa, zina n'kusanduka fumbi, zina n'kutsala ngati mphale. Chigayo cha chimanga nachonso chimamenya, koma chili ndi sefa, aka kalibe. Mukathira madzi otentha, fumbi lija limatulutsa kuwawa pomwe zibenthu zija zisanatulutse n'komwe kukoma, ndiye kapu imodzi imawawa ndi kuwawasa nthawi imodzi.

Mtundu wachiwiri ndi umene azungu amautcha burr. Uwu umagwira ntchito ngati mphero ya agogo: zitsulo ziwiri za mano, china chokhazikika china chozungulira, njere n'kumadutsa pakati. Mpata wa pakatipo ndi umene mumausintha, ndipo ufa umatuluka wofananako kukula. Choncho m'sitolo musamvere zolembedwa pa katoni. Chotsani chivundikiro, suzumirani. Mukaona kampeni, bwezani.

Chachiwiri ndi magetsi. Kuno timagwiritsa ntchito 230V ndi pulagi ya mano atatu amakona. Pa kaunjika pamapezeka timakina tooneka bwino tochokera ku America, koma tambiri ndi ta 110V kapena 120V. Mukangolumikiza, utsi, ndalama yapita. Tembenuzani kamakinako muwerenge pansi pake. Za ku Johannesburg zilibe vuto la mphamvu, kungoti pulagi yake ndi ya mano ozungulira, ndiye mufunika adaputa. Ndipo osalipira musanakayese. Ine ndimayenda ndi njere pang'ono m'kajumbo, wogulitsa akakana kuyesa ndimangothokoza n'kutuluka.

Chachitatu, dziwani kaye mmene mumaphikira khofi wanu. Ine ndili ndi pulanja, kajagi kagalasi kokankhira sefa pansi kaja. Imafuna ufa wokhakhala ngati mchere wamiyala wosinjako pang'ono: magalamu 15 pa madzi okwana 250ml, kudikira mphindi 4, basi. Ntchito imeneyi kachigayo ka burr kotchipa, monga De'Longhi KG79, kamaikwanitsa. Zodula kwambiri zija n'za anthu a espresso, amene amafuna ufa wosalala kwambiri. Baratza Encore imatamandidwa chifukwa ili ndi magiredi 40 ndipo zipangizo zake zimagulitsidwa pazokha, koma kuiitanitsa kunja, kuonjezapo mtengo wotumizira ndi msonkho, pa kwacha imene inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndi nkhani ya anthu ena, osati mphunzitsi wa sekondale.

Pajatu ndalama yake ndi yomweyo ya lendi, ya fizi, ya ufa ndi ya minibasi. Mayi a kunyumba anandifunsa funso limene sindikanalizemba: "Bambo, kamakina kameneka kakafa, akonze ndani?" Zoona. Amisiri a mawailesi ndi maayironi ku Ndirande angathe kukonza waya kapena switchi, koma mano akatha kapena giya ya pulasitiki ikathyoka, sipeya mulibe m'dziko muno. Ndiye kamene mukugula kakhale kosavuta: batani limodzi, kosinthira mpata, mano ochotseka kuti muzitsuka ndi kaburashi. Zamagalasi owala ndi manambala zisiyeni.

Funso lawo lachiwiri linali la kuzima kwa magetsi. Tonse tikukumbukira 2022, namondwe Ana ataononga Kapichira, mmene tinkakhalira mu mdima. Madzi mungathe kuwiritsa pa mbaula, koma kachigayo ka magetsi kamangokhala ngati chokongoletsa. Apa mpamene kopukusa ndi manja kamapambana. Nakonso ndi ka burr, monga ta Hario, kamatchipirapo, ndipo kapu imodzi imatenga mphindi imodzi kapena ziwiri. Ngati womwa khofi pakhomo ndinu nokha, musachite manyazi, kameneka n'kokwanira.

Kwathu omwa tilipo atatu, ndipo ine ndimanyamuka 6 koloko isanakwane, ndiye ndasankha ka magetsi kotchipa, ka 230V. Ndikudikira chipereganyu cha kusukulu chindifike. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Magetsi akazima ndizipereratu usiku wokwana m'mawa mwake n'kutsekera m'botolo.

Chimene sindikufuna n'kuthera ndalama yonse pa makina, kenako n'kusowa yogulira njere. Kachigayo mumagula kamodzi, koma paketi ya khofi wa kuno mumagula mwezi ndi mwezi, ndipo ndalama imeneyo ndi imene imakafika kwa mlimi wa ku Misuku.