Mashoko Kaye, Marimu Pambuyo

Toyota Corolla yathu yakale, imene imatifikitsa ku kalasi tsiku lililonse ndiponso kumidzi kokalalikira pa Sabata masana, inayamba kunjanja pa mabampu. Tinasonkherana ndalama, koma zinali zochepa. Ena mwa ife ankafuna marimu onyezimira ndi masipuling'i otsitsa galimoto.

A makaniko anakanikiza pakona ya boneti n'kusiya. Galimoto inanesa katatu isanakhazikike, ndipo shoko imodzi inkadontha oilo. Anatiuza kuti mashoko akatha, matayala sagwira bwino msewu, motero galimoto imachedwa kuima ukaponda buleki.

Tinagula mashoko awiri akutsogolo, poti amasinthidwa awiriawiri, ndi mabushi atsopano. Za marimu tinazisiya. Ukapitawo suthera pa chakhumi: galimotoyi imanyamula miyoyo isanu.