Kukaona nyumba ku Area 49 m'chilimwe

Ejenti anati tikumane pa siteji ya minibasi, osati panyumbapo. Ambiri mu Lilongwe muno amatero: sakulozera nyumba usanapereke ndalama yoonera, kuopa kuti ungakagwirizane ndi mwinimalo iye n'kutsala chimanjamanja. Mlamu wanga, yemwe ankafuna kugula, anapereka osanyinyirika. Pamenepo ine ndilibe mlandu naye ejentiyo. Munthu woyenda padzuwa la Okutobala kusakira ena nyumba ayeneranso kudya.

Tinatsetsereka ndi msewu wafumbi kulowera cha ku mtsinje wa Lingadzi. Nyumbayo inali mumpanda wa njerwa, geti lachitsulo, mtengo wa mango pabwalo. Tisanalowe n'komwe fungo la penti linatilandira.

"Bwana, taonani matailosi awa. Taonani siling'i. Magetsi a ESCOM ndi awo, mita yake yogulira mayunitsi. Madzi ndi a Water Board, satha wamba." Anatsegula mpopi wa m'khitchini, madzi n'kutulukadi. Pakamwa pake sipanaume chilowereni, ndipo dzanja lake linkaloza m'mwamba nthawi zonse.

Ine maso anali pansi. Zitseko zonse zamatabwa zinali zotupa kumunsi, china chinkakhula simenti potsegula. M'kachipinda kosungira katundu kuseri kwa khitchini, momwe wopenta anachita ulesi kulowa, munali mzere wamatope wozungulira khoma lonse, wofika m'mawondo mwanga. Pansi pa mzerewo pulasitala inkafumbutuka ukaikanda ndi chala. Nditafunsa, ejenti anaseka. "Chinyontho chabe chimenecho, amayi, nyumba yakhala yotseka."

Chinyontho sichijambula mzere wowongoka choncho. Aliyense amene anali mumzinda uno mu February 2017 akukumbukira Lingadzi atasefukira n'kulowa m'nyumba za ku Mtandire ndi madera oyandikana nawo. Mayi wina amene ankachapa kuseri kwa mpanda, nditamupatsa moni n'kumufunsa za dzinja, anangoyankha kuti: "Mvula ikalimba kumtunda, ife sitigona." Basi, n'kupitiriza kuchapa.

Nkhani ya mapepala inayenda mothamanga. Ejenti anationetsa chithunzi cha kalata pafoni, nati title deed ili m'njira. Mlamu atanena kuti ayambe wapita ku ofesi ya za malo kukafufuza dzina la mwini wake weniweni, komanso ku khonsolo kukaona ngati pali ngongole ya msonkho wa nyumba, nkhope ya ejentiyo inasintha. "Vuto lake, bwana, pali wina akubwera ndi ndalama madzulo ano." Wina ameneyu amakhalapo pa nyumba iliyonse yogulitsa, koma palibe anamuonapo.

Ejenti amalandira gawo lake pokhapokha nyumba ikagulidwa, choncho n'zosadabwitsa kuti amatamanda malonda. Kutamanda matailosi ndi ntchito yake. Koma kudziwa kuti madzi amalowa m'nyumba n'kukhala chete, munthu akufuna kuthirapo ndalama za penshoni yake yonse, kumeneko ndi kuba. Alipo ma ejenti amene amanena poyera kuti malo awa ndi a dambo, n'chifukwa chake mtengo wake watsika, ndipo ogula amawatumizira abale awo mawa.

Mlamu sanapereke dipoziti tsikulo. Nanunso ngati mukusaka nyumba kumunsi kwa mtsinje uliwonse, kaioneninso mu January mvula itagwa usiku, mupite nokha, ndipo muyambe mwacheza ndi oyandikana nayo.